Chitsamba chowirira pamalire a malo: mmene mungazindikirire lantana ndi kumvetsa khalidwe lake

Mvula ikangokhazikika ku Mulanje ndi ku Thyolo, mipanda yamasamba yolekanitsa mabwalo ndi minda imakula msanga, ndipo pakati pake pamaoneka chitsamba china cha timaluwa tamitundumitundu chomwe chimayanga pamwamba pa zomera zinzake mpaka nthambi zake kugwera kubwalo kwa munthu wina. Mwini malowo amati ndi maluwa, kapena amati ndi mpanda wotchinga mbuzi ndi akuba, pamene woyandikana naye amati ndi tchire loipa lomwe likumudyera malo. Ena amati zipatso zake ndi poizoni, ena nkumati anakula akudya zomwezo pochokera kusukulu. Mbali iliyonse ili ndi mfundo yake, koma palibe chomwe chingayankhidwe bwino tisanadziwe kuti chitsambacho ndi chiti kwenikweni, chifukwa m'maboma awiriwa muli zitsamba zingapo zaminga kapena zowirira zomwe anthu amazisokoneza, ndipo njira yothana ndi china siigwira pa chinzake. Kawirikawiri chitsamba chomwe chikukambidwacho chimakhala lantana.

Lantana ndi chiyani, nanga anachokera kuti?

Akatswiri a zomera amamutcha Lantana camara, dzina lomwe Carl Linnaeus wa ku Sweden anapereka mu 1753. Kwawo kwenikweni ndi madera otentha a ku Central America ndi South America pamodzi ndi zilumba za Caribbean. M'zaka za m'ma 1600 anamutengera ku Ulaya ngati duwa lokongoletsa, ndipo kumeneko olima maluwa anakhala akukwatitsa mitundu yake yosiyanasiyana pofuna maonekedwe atsopano, mpaka panatuluka mitundu mazanamazana. Mitundu yokwatitsidwayi ndi yomwe inafalitsidwa ku Asia, ku Australia ndi kuno ku Africa m'nthawi ya atsamunda. Ku Cape Town, m'dziko la South Africa, zolembedwa zimasonyeza kuti analipo kale mu 1858. Mbiri imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa ndi yomwe imafotokoza chifukwa chake lantana wa pampanda wina amakhala ndi maluwa ofiira ndi minga yambiri pamene wa kutsidya kwa mtsinje ali ndi maluwa a pinki ndi minga yochepa, chonsecho onse ndi amodzi.

Mu 2000 gulu la akatswiri a bungwe la IUCN, lomwe limayang'ana zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika lantana pamndandanda wa zamoyo 100 zachilendo zolanda malo zomwe zili zoopsa kwambiri. Chomera chimatchedwa chachilendo cholanda malo chikakhala ndi zinthu ziwiri pamodzi: choyamba, chinabwera ndi anthu kuchokera kudera lina, chachiwiri, chimadzifalitsa chokha popanda wochibzala mpaka kupitikitsa zomera za m'deralo kapena kuononga ulimi. Kukhala chachilendo pakokha si mlandu. Chimanga chinachokera ku Mexico, chinangwa ku South America, tiyi ku Asia, koma palibe mwa izi chomwe chimathawa m'munda kukadzaza nkhalango. Namasupuni wa mumtsinje wa Shire, yemwe amatseka makina opangira magetsi, ndiye chitsanzo chomwe ambiri amachidziwa cha chomera chokhala ndi zonse ziwiri.

Zizindikiro zake

Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kuweruza poona maluwa okha ali chapatali. Chizindikiro chimodzi sichikwanira. Muyenera kufika pafupi, kugwira, kununkhiza, ndipo zizindikiro zinayi kapena zisanu zikagwirizana, pamenepo mukhoza kutsimikiza.

Yambirani patsinde. Tengani nthambi yanthete nkuipotokola pakati pa zala: ya lantana si yobulungira, ili ndi ngodya zinayi zomveka bwino m'manja. M'ngodyamo mumakhala timinga tating'ono tokhotera pansi, tomwe timakola zovala ndi kukanda khungu m'malo mobaya mozama. Nthambi zakale zimayamba kubulungira ndi kutuwa, choncho muyang'ane zakunsonga. Zimathyoka mosavuta, ndipo zimakula mopingasapingasa nkulukana mpaka munthu sangathe kudutsa.

Masamba amamera awiriawiri, lina mbali iyi lina mbali inayo pamfundo imodzi. Ndi osongoka kunsonga, ali ndi manomano m'mphepete, misempha yake imaonekera kwambiri, ndipo mukawasisita amakhala okhakhala ngati lilime la ng'ombe. Mukatikita tsamba limodzi pamamveka fungo lamphamvu lomwe limatsalira m'manja, ndipo anthu ambiri akalimva kamodzi saliiwala. Anthu ena khungu limawayabwa akagwira masambawa kwa nthawi yaitali.

Chomwe timachitcha duwa la lantana kwenikweni ndi kagulu ka timaluwa 20 mpaka 40 tothithikana pamodzi, kotambalala masentimita awiri kapena atatu. Pa mitundu yambiri, timaluwa tapakati timakhala tachikasu pamene takunja tili tapinki, taolenji kapena tofiira. Izi zimachitika chifukwa timaluwa timayamba kumasula kuchokera kunja kulowera pakati, ndipo kaduwa kalikonse kamasintha mtundu kakalandira mungu. Agulugufe amathamangira tachikasu tomwe tidakali ndi timadzi totsekemera, ndipo takale timangothandiza kuti kagulu konse kazioneka patali. Palinso lantana wa maluwa oyera kapena achikasu okhaokha, kotero kusasintha kwa mtundu sikutanthauza kuti chitsambacho si lantana. M'madera achinyezi monga kuno, komwe ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa nthaka, amachita maluwa pafupifupi chaka chonse.

Zipatso zake ndi tating'ono tobulungira, pafupifupi mamilimita asanu, tomera mounjikana pamalo pomwe panali maluwa. Tikakhala tatiwisi timakhala tobiriwira ndi tolimba, ndipo tikapsa timada nkumanyezimira. Nthawi zambiri pachitsamba chimodzi mumapeza maluwa, zipatso zaziwisi ndi zakupsa nthawi imodzi. Chitsamba choima pachokha chimatalika mamita awiri mpaka anayi, koma chikapeza mtengo wotsamira chimakwera kupitirira pamenepo.

Zitsamba zomwe anthu amazisokoneza naye

M'munsi mwa phiri la Mulanje ndi m'malo ena okwera muli chitsamba chaminga chochokera ku Asia, m'dera la mapiri a Himalaya, chotchedwa Rubus ellipticus. Nachonso ndi cholanda malo, koma tsamba lake lili ndi timasamba titatu pakaphesi kamodzi, nthambi zake zili ndi ubweya wofiirira wosakanikirana ndi minga, maluwa ake ndi oyera, ndipo zipatso zake ndi zachikasu zooneka ngati mabulosi, zomwe zimadyedwa popanda vuto. Lunguzi, yemwe anthu anamubzala kwambiri ngati mpanda, ali ndi minga yokola yoopsa kuposa ya lantana, timasamba tambirimbiri ting'onoting'ono, maluwa achikasu oimirira m'mwamba, ndipo amabala nyemba osati zipatso zofewa. Deliya alibe minga, masamba ake ndi akuluakulu ogawikana, ndipo maluwa ake ndi aakulu achikasu onga a mpendadzuwa. Iye anachokera ku Mexico ndi Central America ndipo amafalikira m'mbali mwa misewu, koma alimi ambiri amamufuna popangira manyowa. Duranta, yemwe amadulidwa bwino m'mipanda ya masukulu ndi maofesi, ndi wa banja limodzi ndi lantana, koma masamba ake ndi osalala, maluwa ake ndi obiriwira ngati mtambo kapena apepo, ndipo zipatso zake ndi zachikasu zolendewera.

Zovuta kwambiri kusiyanitsa ndi abale ake a lantana omwe ndi akonkuno ku Africa, ndipo awa sayenera kuzulidwa molakwitsa. Lippia javanica, yemwe anthu ambiri kum'mwera kwa Africa amawiritsa masamba ake akadwala chimfine, ali ndi masamba okhakhala ofanana ndi a lantana, koma fungo lake limapita ku mandimu, maluwa ake ndi ang'onoang'ono oyererako, alibe minga, ndipo sabala zipatso zamadzi. Kusiyana kumeneku nkofunika kwambiri kwa munthu wotchola masamba a mankhwala. Ngati mukukayikabe, dulani nthambi yokhala ndi masamba, maluwa ndi zipatso, muiike pakati pa nyuzipepala, nkukaonetsa mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango. Akatswiri a National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba ndiwo amasunga zitsanzo za zomera za dziko lino ndipo kuzindikira zomera ndi ntchito yawo.

Mmene amafalikira

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya malire. Munthu akaona lantana akumera m'munda mwake amaganiza kuti mizu yadutsa pansi pa mpanda kuchokera kwa mnzake, koma lantana sayenda choncho. Mizu yake ndi yosazama ndipo siyenda kutali kukaphukira kwina. Ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi ya pafupi: nthambi yaitali ikagwa nkukhudza dothi lachinyezi imamera mizu, nkukhala chitsamba chatsopano, ndipo mwa njira imeneyi mpanda umasendera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, ndi mbalame. Chitsamba chimodzi chachikulu chikhoza kubala zipatso zofika 12,000 pachaka. Apumbwa ndi mbalame zina zodya zipatso zimameza zipatsozo nkukasiya njere pomwe zatera, ndipo njere yomwe yadutsa m'mimba mwa mbalame imamera bwino kuposa yomwe yangogwa pansi, chifukwa mnofu wokuta njereyo umakhala utachoka. N'chifukwa chake mbande za lantana zimapezeka pansi pa mitengo ya mango, ya mapeyala, m'munsi mwa mawaya ndi m'mipanda, malo omwe mbalame zimakonda kutera. Mbande yomwe yamera m'munda mwanu ikhoza kukhala ya kwa mnansi wanu, koma ikhozanso kukhala ya m'mbali mwa msewu kapena ya kumtsinje komwe palibe mwini wake.

Lantana amafuna kuwala ndi nthaka yosokonezedwa. Pansi pa nkhalango yotsekana bwino sakula, ndipo pakati pa munda wa tiyi wosamalidwa, pomwe masamba atseka nthaka yonse, sapeza mpata. Amalowa pomwe mitengo yadulidwa, pomwe moto wadutsa, m'mphepete mwa mitsinje, m'minda yogonera, ndi pamalo pomwe nthaka yagumuka, monga zipsera zomwe namondwe wa Freddy anasiya m'mapiri mu Marichi 2023. Akakhazikika amatseka kuwala kuti mbande za mitengo zisakule, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti masamba ndi mizu yake imatulutsa mankhwala ofooketsa kameredwe ka zomera zina zoyandikana nazo.

Kumutema ndi chikwanje kapena chikwakwa sikumupha. Pomwe tsinde limakumana ndi mizu pali mbali yomwe ili ndi maso ambiri ophukira, ndipo nthambi zikadulidwa pamwamba, chitsacho chimatulutsa mphukira zochuluka kuposa poyamba. Moto nawo umatentha nthambi nkusiya chitsa chamoyo, kenaka nkulambula malo oti njere zomwe zili m'dothi zimere. Ambiri amene amadandaula kuti amadula chaka chilichonse koma chitsamba chikungokula, kwenikweni amakhala akuchidulira kuti chiwirire.

Kuopsa kwake kwa ziweto ndi kwa ana

M'masamba a lantana muli poizoni wotchedwa lantadene, yemwe amaononga chiwindi cha ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi. Chiwindi chikalephera kutulutsa ndulu, chiweto chimasiya kudya ndi kubzikula, chimadzimbidwa, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu. Kenaka pamabwera chizindikiro chomwe chimadabwitsa alimi: khungu limayamba kupsa ndi dzuwa. Chomwe chimachitika nchakuti zotsalira za msipu wobiriwira, zomwe chiwindi chabwino chimataya kudzera mu ndulu, zimaunjikana m'magazi, ndipo zikakumana ndi kuwala kwa dzuwa pakhungu zimaliwotcha. Mphuno imafiira nkusupuka, makutu amatupa, ndipo malo a ubweya woyera ndi omwe amavulala kwambiri. Masamba aawisi olemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwa chiweto akhoza kudwalitsa, ngakhale mphamvu ya poizoniyu imasiyana malinga ndi mtundu wa lantana. Wa maluwa ofiira amadziwika kuti ndi woopsa kwambiri, koma mtundu wa duwa si chinthu choti mlimi adalire.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri Thyolo ndi Mulanje chifukwa cha ng'ombe zamkaka za mawanga akuda ndi oyera zomwe zimadyetsedwa m'khola. Ziweto zomwe zakulira kudera la lantana nthawi zambiri zimamupewa chifukwa cha fungo, koma ng'ombe ya m'khola imadya chomwe yapatsidwa, ndipo mwana wotumidwa kukamweta udzu m'mbali mwa msewu akhoza kubweretsa nthambi za lantana zitasakanikirana ndi udzuwo. Chimodzimodzinso mbuzi yomangidwa pachingwe pafupi ndi mpanda m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pomwe chobiriwira chimasowa, komanso chiweto chogulidwa kumene kuchokera kudera lina. Chiweto chikaonetsa zizindikirozi chiyenera kuikidwa pamthunzi wokwanira, kupatsidwa madzi, ndipo mlangizi wa ziweto aitanidwe msanga, chifukwa chithandizo chimagwira bwino chikayambika poizoni asanathe kulowa m'thupi.

Pa za ana, mbali zonse ziwiri za mkangano zili ndi pogwira. Nzoona kuti ana ambiri m'maiko osiyanasiyana amadya zipatso zakupsa zakuda popanda kudwala. Nzoonanso kuti zipatso zaziwisi zobiriwira zadwalitsapo ana, ndi kusanza, kutsekula m'mimba ndi kufooka. Popeza zakupsa ndi zaziwisi zimakhala pakagulu kamodzi, ndipo mwana wamng'ono sasankha, nkwanzeru kuwaletsa ana zonse, ndipo amene wadya zaziwisi nkuyamba kusanza apite naye kuchipatala.

Palinso zina zomwe zaoneka kwina. Ku Uganda ndi ku Kenya zitsamba zowirira za lantana zakhala zikusunga ntchentche za kashembe, zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. M'mphepete mwa nkhalango, nthambi zake zouma zimathandiza moto kukwera kuchokera pansi kufika m'mitengo.

Chifukwa chake ena amamusunga

Amene amakana kuzula lantana sikuti ndi osamva. Mpanda wa lantana sufuna ndalama, sufuna kuthirira, mbuzi sizidutsa, ndipo m'dera lomwe nkhuni ndi zosowa, nthambi zake zouma zimayatsa moto. Pamalo otsetsereka amagwirako dothi, ngakhale pansi pa chitsamba chowirira nthawi zambiri pamakhala popanda udzu. Agulugufe amamukonda. Ku India, komwe wadzaza nkhalango zambiri, anthu ena a m'midzi amapanga mipando ndi madengu ndi nthambi zake. Chovuta nchakuti phindu limakhala la mwini mpanda, pamene njere zimapita kwa aliyense. M'maboma omwe mabanja ambiri ali ndi malo ochepa kwambiri, mpanda womwe watambalala mamita awiri kapena atatu watenga mizere ingapo ya chimanga kapena nandolo.

Anthu a ku Mulanje anaona kale mmene chomera chobwera ndi cholinga chabwino chimasinthira. Paini wa mtundu wa Pinus patula, wochokera ku Mexico, anabzalidwa paphiri kuti apereke matabwa, koma anayamba kudzimerera yekha m'malo a udzu ndi a mkungudza, mtengo wa fuko lathu, mpaka a nthambi ya zankhalango pamodzi ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust anagwira ntchito yaikulu yomuchotsa.

Akakhala pamalo a mnansi

Ku South Africa malamulo a 2014 anaika lantana m'gulu la zomera zomwe mwini malo amakakamizidwa kuzichotsa ndipo saloledwa kuzibzala kapena kuzigulitsa. M'midzi yathu nkhani ya mpanda imayamba ndi kukambirana kwa anthu awiriwo, ndipo ikakanika imapita kwa anyakwawa, makamaka ngati mpandawo ndi womwe umasonyeza malire. Mfundo imeneyi isapeputsidwe: munthu akhoza kukana kuzula chitsamba osati chifukwa chochikonda, koma poopa kuti chikachoka malire asuntha. Choncho kugwirizana kaye za chomwe chidzalowe m'malo mwake, mboni zilipo, kumachotsa mantha ambiri. Kulowa m'malo a wina kukadula kapena kupopera mankhwala iye asakudziwa kumasandutsa nkhani ya chitsamba kukhala mlandu wa malo.

Ngati mwini wake akufuna kusunga mpanda, pali njira yapakati: kuudulira pafupipafupi maluwa asanasanduke zipatso, ndi kusalola nthambi kugwa pansi. Izi sizithetsa lantana, koma zimachepetsa kwambiri njere zopita kwa ena. Woyandikana naye angathe kumazula mbande za mbali yake zidakali zazing'ono, pomwe zimatuluka ndi dzanja lokha dothi likanyowa.

Kumuchotsa

Nthawi yabwino ndi m'dzinja nthaka ili yofewa. Dulani nthambi kuti mufike patsinde, mutavala malaya a manja aatali, kenaka kumbani ndi khasu nkudula muzu waukulu pansi pa mbali yophukira ija, masentimita angapo m'dothi, kuti chitsa chonse chituluke. Njira imeneyi yagwiritsidwa ntchito kwambiri m'nkhalango za ku India, ndipo ubwino wake ndi wakuti sigalauza dothi lambiri, zomwe zikanadzutsa njere zogona. Chitsamba chozulidwacho chigadamizidwe, mizu iloze kumwamba, kuti chiume chisanagwirenso nthaka, ndipo chisasiyidwe pomwe ziweto zingafike. Ena amapaka mankhwala opha udzu monga glyphosate pachitsa atangodula kumene, kapena kupopera mphukira zatsopano. Otero atsatire zolembedwa pabotolo, apewe tsiku lamphepo ndi malo a pafupi ndi madzi, podziwa kuti mankhwalawa amapha mbewu iliyonse yomwe aigwera.

Akatswiri anayesanso kumugonjetsa ndi tizilombo tomwe timamudya kwawo. Lantana ndi chimodzi mwa zomera zoyambirira padziko lonse zomwe anthu anaziyesa njira imeneyi, pamene katswiri wa tizilombo Albert Koebele anatumiza tizilombo kuchokera ku Mexico kupita ku Hawaii mu 1902. Kuyambira pamenepo mitundu yoposa 40 ya tizilombo ndi matenda yatulutsidwa m'maiko osiyanasiyana, koma zotsatira zake zakhala zochepa m'malo ambiri, ndipo chifukwa china ndi kukwatitsa kuja kwa ku Ulaya: kachilombo komwe kamadya mtundu umodzi wa lantana kamakana mtundu wina.

Pamalo pomwe pazulidwa pasasiyidwe poyera, chifukwa njere zimakhala zamoyo m'dothi kwa zaka zingapo ndipo mbalame sizisiya kubweretsa zina. Vetiva amagwira dothi ndi kusonyeza malire bwino popanda kufalikira, nsenjere zimapereka chakudya cha ng'ombe, ndipo mitengo ya zipatso ikakula imabweretsa mthunzi womwe lantana saupirira. Ngakhale mutabzala zimenezi, muyenera kumayendera malowo mvula yoyamba ikagwa ndi kuzula mbande zonse kwa nyengo zingapo zotsatizana.